Za bungwe tiziphunzira tili m'bungwe

Caka ndi caka, tikafika pa phunziro la kayendetsedwe ka sukulu, lija limalembedwa pa ndandanda kuti Organização e Gestão Escolar, timajambula pa bolodi cithunzi cimene nonse mukucidziwa. Pamwamba pali bokosi la mkulu wa sukulu, pansi pake pali la womuthandiza pa za maphunziro ndi la mkulu wa sekeretariya, kenako aphunzitsi, ndipo pansi penipeni ana a sukulu. Cakumbali timaikako bokosi la Conselho de Escola n'kulilumikiza ndi mzere. Ophunzira amakopera bwinobwino m'makope, pa mayeso amacijambulanso osalakwitsa, ife n'kuwacongera kuti akhoza.

Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, timakumana ndi mmodzi mwa iwo atapatsidwa kale udindo pa sukulu ina ya kumudzi. Amatiuza kuti ndalama za ADE zitafika anaitanitsa msonkhano wa bungwe la sukulu, theka la anthu silinabwere, amene anabwerawo anakhala cete kudikira kuti amfumu ayambe ndiwo, ndipo dzuwa linalowa popanda mfundo imene anamanga. Cithunzi ca mabokosi cija anali kucikumbukira ndithu, koma sicinamuuze cocita pa tsiku limenelo.

Maganizo athu ndi akuti colakwa cili kwa ife amene tinamuphunzitsa. Munthu amalidziwa bungwe akakhala m'kati mwake, ali ndi nchito yeniyeni yogwira pamodzi ndi anzake, nchito imene ingatheke kapena kulephereka, kenako n'kukhala pansi kusinkhasinkha zimene zacitika. Maganizo amenewa sitinayambe ndife. Masukulu ophunzitsa anthu kuyendetsa makampani ndi mabungwe akhala akulimbana ndi funso lomweli kwa zaka zoposa 70, ndipo zimene anapeza zingatithandize.

Kumene njirayi inacokera

M'caka ca 1946, mu mzinda wa New Britain m'cigawo ca Connecticut ku United States, kunacitika maphunziro a atsogoleri a m'madera pa nkhani ya kukhalirana kwa anthu a mitundu yosiyana. Mmodzi mwa oyendetsa maphunzirowo anali Kurt Lewin, katswiri wa khalidwe la anthu m'magulu, amene anacoka ku Germany mu 1933. Masana ophunzira ankakambirana m'magulu, ofufuza ali pambali kulemba zimene akuona. Madzulo aphunzitsi ndi ofufuzawo ankakumana paokha kuti auzane za tsikulo. Tsiku lina ophunzira angapo anapempha kuti akhale nawo pa msonkhano wa madzulo, ndipo Lewin anavomera. Atamva mmene macitidwe awo akufotokozedwera, ena anatsutsa kuti zinthu sizinayende conco. Aphunzitsi anaona kuti mtsutso umenewo ukuphunzitsa anthu za gulu kuposa zokambirana za masana, pakuti aliyense anali kumva mmene anzake anamuonera, n'kuyerekeza ndi mmene iye anadzionera. Caka cotsatira anzake a Lewin anayambitsa maphunziro a mtundu umenewu ku Bethel m'cigawo ca Maine, iye atamwalira kumayambiriro kwa caka comweco.

Amene anaika maganizowa m'dongosolo limene aphunzitsi ambiri amalidziwa lero ndi David Kolb. Mu 1971, akuphunzitsa pa sukulu ya kayendetsedwe ka makampani ya MIT, analemba pamodzi ndi Irwin Rubin ndi James McIntyre buku la khalidwe la anthu m'mabungwe lodzala ndi zocita za m'magulu. Mu 1984 anatulutsa buku lake la Experiential Learning, mmene anafotokoza kuti kuphunzira kumazungulira masitepe anai. Munthu amayamba wakumana ndi cinthu pocicita. Kenako amayang'ana m'mbuyo n'kudzifunsa cimene cinacitika. Pamenepo amatolapo mfundo imene ingagwire nchito pa zocitika zinanso. Pomaliza amaiyesa mfundoyo pa nchito yatsopano, ndipo nchito yatsopanoyo imayambitsanso ulendo wonse.

Ambiri akamva za njira imeneyi amagwira sitepe yoyamba yokha, n'kumaganiza kuti kuwapatsa ophunzira cocita ndiko kuphunzitsa. John Dewey, amene Kolb anatengako zambiri kwa iye, anacenjeza kale mu 1938 kuti si cocitika ciliconse cimene cimaphunzitsa, ndipo zina zimamupotoza munthu. Tonse timadziwa anthu amene akhala pa mpando wa misonkhano zaka zambiri, koma cimene aphunzirapo ndi kukweza mawu kokha.

Masewera a makireti a mowa

Citsanzo codziwika kwambiri m'masukulu a kayendetsedwe ka makampani ndi masewera amene anayambira ku MIT m'zaka za m'ma 1960, kucokera pa nchito ya Jay Forrester. Ophunzira amakhala pa tebulo m'malo anai otsatana: wogulitsa pa sitolo, wopikulitsa, wogawa katundu, ndi fakitale yofulula mowa. Sabata iliyonse ya masewera, aliyense amalandira kapepala ka oda kucokera kwa amene ali pansi pake, amatumiza makireti amene ali nawo, n'kulemba oda yake kwa amene ali pamwamba. Saloledwa kukambirana. Kapepala kamacedwa kufika, katundu nayenso amacedwa pa njira. Kusunga makireti osagulidwa kuli ndi cilango, ndipo kulephera kupereka zimene waitanitsidwa kuli ndi cilango cokulirapo.

Zimene zimacitika zimafanana pafupifupi nthawi zonse, kaya osewerawo ndi acinyamata a pa yunivesite kaya ndi akuluakulu a makampani. Katundu amayamba kusowa, aliyense amacita mantha n'kuitanitsa woculuka, ndipo pakapita masabata makireti amasefukira ponseponse, osowa wowagula. Aliyense amaloza cala mnzake. Akafunsidwa kuti ajambule mmene makasitomala ankagulira, ambiri amajambula mzere wokwera kwambiri kenako n'kugwa. Pamenepo wogulitsa pa sitolo, amene yekha ankaona makadi a makasitomala, amaonetsa zenizeni: makasitomala ankagula makireti 4 pa sabata, pa sabata yacisanu anakwera kufika pa 8, ndipo anakhala pa 8 pomwepo mpaka kumapeto.

Mphunzitsi angathe kunena mfundo yake m'mphindi imodzi, yakuti kucedwa kwa uthenga ndi kusaonana kwa anthu m'bungwe kumabala cisokonezo ngakhale aliyense akucita zanzeru pamalo pake. Wophunzira akangoimva amailemba n'kuiiwala. Koma amene wakhala maola awiri akukwiyira mnzake wa ku fakitale, kenako n'kuona ndi maso ake kuti panalibe wolakwa mmodzi, saiiwala msanga. Tsiku limene mabuku kapena madesiki adzacedwe kufika pa sukulu yake, asanaloze munthu cala adzayamba wafunsa kuti pempho limadutsa m'manja angati, ndipo pa dzanja lililonse limagona masiku angati.

Njira ya Clodomir Santos de Morais

Wina anganene kuti zimenezi ndi za mayunivesite olemera. Koma njira ina yofanana nayo inabadwira pakati pa alimi osauka. Clodomir Santos de Morais wa ku Brasil anali mmodzi mwa atsogoleri a mabungwe a alimi a Ligas Camponesas. Asilikali atalanda boma mu 1964 anamangidwa, ndipo m'ndende anakhala pamodzi ndi Paulo Freire, kenako anapita kukakhala kunja kwa dziko lake. Njira yake amaicha laboratório organizacional. Gulu lalikulu la anthu, nthawi zina mazana, limapatsidwa zipangizo, nchito yeniyeni yolipidwa ikagwiridwa, ndi ufulu wodzikonza lokha. Oyendetsa maphunziro sasankhira gululo atsogoleri. Masiku oyamba kumakhala cipwirikiti, zida zimasowa, nchito imaima. Pang'onopang'ono anthu amaona okha kuti ayenera kugawana nchito, kulemba za ndalama ndi zida, ndi kugwirizana za amene ayankhe pa cinthu ciliconse. M'masabata amenewo amakhalanso ndi maphunziro aafupi a mmene mabungwe amayendera, ndipo mawu a mphunzitsi amagwera pa zimene anthuwo akulimbana nazo tsiku lomwelo. Njirayi inagwiritsidwa nchito kwambiri ku Honduras m'zaka za m'ma 1970 pa nthawi yogawa minda, kenako inafika ku Botswana, Zimbabwe ndi South Africa, ndipo inayesedwanso kuno ku Moçambique nkhondo itatha.

Zimene tinaona m'kalasi mwathu

Ife tinayesa zofanana ndi zimenezi pa mlingo waung'ono. Kalasi ina ya aphunzitsi ophunzira tinaipatsa masabata asanu kuti ikonze tsiku la kuwerenga la ana a kalasi yaciwiri pa sukulu ya pulaimale yoyandikana nafe. Anayenera kupanga makadi a mawu, kupempha cilolezo, kuitana makolo, ndi kusamala ndalama zocepa zimene tinasonkha. Tinawauza kuti sitiwasankhira atsogoleri ndipo sitilowerera pa misonkhano yawo. Tinangopempha kuti pa msonkhano uliwonse pakhale awiri osalankhula, olemba amene walankhula, cimene agwirizana, ndi amene wapatsidwa nchito.

Wapampando anamusankha m'kanthawi kocepa, cifukwa anali wamkulu pa onse. Msungicuma anamusankha cifukwa ndi munthu wopemphera. Sabata yoyamba zonse zinali mwamtendere. Pofika sabata yacitatu kunapezeka kuti magulu awiri agula mapepala olimba ofanana, pamene zolembera ndi guluu palibe amene wagula. Kusukulu kuja kunali kusanapite munthu, pakuti mlembi ankaganiza kuti wapampando anapita, wapampando nayenso ankaganiza kuti imeneyo ndi nchito ya mlembi. Atapita anapeza kuti tsiku limene anasankha ana adzakhala akulemba mayeso. Msungicuma analephera kufotokoza kumene mametikali ena anapita. Sanabe, koma sankalemba. Msonkhano wa tsiku limenelo unali waukali, ndipo mmodzi wa ife anatsala pang'ono kulowa kuti akonze zinthu. Tinagwirana mkono, tikukumbutsana kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, umusemere imufotere yekha. Mwambowo unacitika patapita sabata ina, wocepa kuposa mmene anafunira, koma ana anawerenga ndipo makolo ena anabwera.

Phunziro lenileni linabwera titakhala pansi kuti tione m'mbuyo. Poyamba onse ankayankha m'Cipwitikizi ndi mawu a m'buku, aliyense akubwereza kuti vuto linali falta de comunicação. Mawuwo ndi oona, koma sankakhudza munthu aliyense. Titawauza kuti alankhule mmene ankalankhulira pokangana paja, mtsikana wina ananena m'Cinyanja kuti iye ankadziwa kuti kusukulu sikunapite munthu, koma akanawauza bwanji awapampando, poti ndi aakulu kwa iye. Kalasi yonse inakhala duu. Kenako ena anavomera kuti nawonso ankadziwa. Titawerenga zolemba za oonerera aja, zinaonetsa kuti pa misonkhano ankalankhula kwambiri ndi amuna owerengeka, pamene makadi ambiri anadula ndi kulemba ndi akazi amene maganizo awo sanafunsidwe.

Apa m'pamene tinatsegula buku. Tinaphunzitsa kusiyana kwa dongosolo lolembedwa ndi dongosolo limene anthu amalitsata mwakacetecete cifukwa ca msinkhu, cibale kapena mantha. Tinaphunzitsa kuti mfundo ya pa msonkhano imakhala yosatha mpaka italembedwa kuti adzacita ndani, pofika liti, ndipo adzauza yani. Tinaonetsa kalembedwe ka kaundula wa ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo amene anafunsa mafunso ambiri anali msungicuma uja. Tinakambirananso mmene gulu lingatsegulire njira yakuti wamng'ono acenjeze wamkulu popanda kumulanda ulemu, monga kuzungulira onse mmodzimmodzi msonkhano usanatsekedwe. Cithunzi ca mabokosi tinacijambulanso, koma tsopano ophunzira ankafunsa pa mzere uliwonse kuti uthenga umadutsadi pamenepa kapena ayi.

Zimene otsutsa amanena

Anzathu ena satsatira njirayi, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Coyamba ndi nthawi. Mutu umene ukanatha m'maola awiri unatitengera masabata, pamene pulogalamu ya caka ndi yodzaza. Timavomera kuti si mutu uliwonse woyenera kuphunzitsidwa motere. Malamulo a boma okhudza sukulu, kalembedwe ka ma acta ndi ka mapepala a ciwerengero ca ana, zimenezi mphunzitsi azifotokoze momveka ndi kupereka zitsanzo. Nchito imodzi yaikulu pa caka, yoyendetsedwa bwino mpaka sitepe yacinai, ikukwanira kuti mitu yambiri ya m'buku ipeze pokhazikika.

Caciwiri n'cozama. Mu 2006 Paul Kirschner, John Sweller ndi Richard Clark analemba nkhani imene inamveka kwambiri, yonena kuti ophunzira ongoyamba kumene saphunzira bwino akasiyidwa kuti adzipezere okha zinthu popanda kutsogoleredwa mokwanira. Ife tikugwirizana nawo pa mfundo imeneyi, ndipo n'cifukwa cake tikuumirira kuti mphunzitsi asathawire kuseri kwa mawu akuti ophunzira adzipezera okha. Nchito yake imakula m'njirayi. Ndiye amasankha nchito yolingana ndi mphamvu za gulu, amakonza zoti zocitika zilembedwe, amafunsa mafunso pa nthawi yoona m'mbuyo, ndipo ndiye amabweretsa mfundo za m'buku pamene ophunzira akuzifuna. Tikanaisiya kalasi ija itangomaliza mwambo, ambiri akanatuluka ndi phunziro lolakwika lakuti wapampando anali waulesi ndipo msungicuma ndi wokayikitsa.

Cacitatu ndi kuvulaza. Pamene pali nchito yeniyeni pali manyazi enieni, ndipo munthu angatuluke m'kalasi ali ndi dzina loipa limene lingamutsate mpaka ku nchito. Pa ici tili ndi malamulo amene sitiwaphwanya. Cimene cingatayike cikhale cimene gulu lingapirire: ndalama zocepa, tsiku limene lingasinthidwe. Maphunziro a ana a eni kapena ndalama za sukulu si zoyeserera. Pokambirana timafunsa za udindo ndi njira imene uthenga unayenda, ndipo wina akayamba kuweruza khalidwe la mnzake timamubweza. Zimene zanenedwa m'kalasi zimatsala momwemo. Mkangano ukafika ponyozana, mphunzitsi alowerere nthawi yomweyo osadikira tsiku loona m'mbuyo.

Cacinai ndi kuconga. Tikaconga potengera kuti mwambo unakongola, ophunzira awiri kapena atatu akhama adzagwira nchito yonse kuti apulumutse gulu, ndipo zolakwa zidzabisidwa. Ife timaconga zimene aliyense walemba payekha: cimene anaona, mbali imene iye mwini anatengapo, mfundo ya m'buku imene ikufotokoza zimenezo, ndi cimene adzacite mosiyana ulendo wina. Wophunzira wa m'gulu limene zinthu zinavuta angathe kukhoza bwino kuposa wa m'gulu limene zonse zinayenda, ngati waona mozama.

Kwa inu amene mukukonzekera nchitoyi

Ambiri a inu simudziona ngati ophunzira za kayendetsedwe ka mabungwe, pakuti munabwera kudzaphunzira kuphunzitsa ana kuwerenga ndi kuwerengera. Koma sukulu ndi bungwe, ZIP ndi bungwe, ndipo kalasi ya ana 60 nayonso ndi bungwe. Kumene aphunzitsi ali ocepa, udindo umamupeza munthu asanaukonzekere. Ena mwa inu mudzakhala pa mpando wa msonkhano umene muli amfumu, makolo amene sanapite ku sukulu koma amadziwa mudzi wonse, ndi aphunzitsi amene anayamba nchito inu musanabadwe. Ndi bwino kuti kulephera kwanu koyamba pa zoterezi kucitikire kuno, pamene mtengo wake ndi mapepala olimba ogulidwa kawiri.

Njira yomweyi mungaigwiritse nchito ndi ana anu. Mukawapatsa dimba la kalasi kapena kabokosi ka mabuku kuti asamale, musawagawire nchito zonse ndinu. Asiyeni agawane, muone cimene cicitike, ndipo pakatha sabata mukhale nawo pansi n'kuwafunsa kuti mbewu zinafota bwanji pamene aliyense ankadziwa kuti zimafuna madzi.

Pakali pano tikukupemphani cinthu cimodzi. Mukapita ku sukulu zimene mukacitire maphunziro oyeserera, pemphani cilolezo kwa mkulu wa sukulu kuti mukhale nawo pa msonkhano umodzi wa Conselho de Escola kapena wa aphunzitsi. Mukakhale kumbuyo ndi kope. Osalemba maina a anthu, koma maudindo awo. Mulembe amene anayamba kulankhula, amene sanalankhule mpaka kumapeto, cilankhulo cimene cinagwiritsidwa nchito ndi pamene cinasintha, mfundo zimene anamanga, ndi ngati mfundo iliyonse inapatsidwa mwini wake ndi tsiku lake. Tsamba limenelo mubwere nalo, ndipo phunziro lathu lotsatira lidzayambira pamenepo.